Kodi kernel imadziwa bwanji olemba m'fayilo isanapereke lease ya kuwerenga?

Funso ili lachokera kwa bambo wina amene amayang'anira makompyuta pa kampani yogulitsa zipangizo zaulimi ku Kanengo, kuno ku Lilongwe. Iwo alemba kuti: "Ndinalemba pulogalamu ya C imene imawerenga fayilo ya mitengo ya katundu pa seva yathu ya Linux n'kusunga zimene yawerengazo m'memori, kuti isamabwerere ku disiki nthawi iliyonse kasitomala akafunsa mtengo. Pofuna kudziwa pamene wina akufuna kusintha fayiloyo, ndimapempha lease ya kuwerenga kudzera mu lamulo la fcntl ndi F_SETLEASE. Masiku ena zimayenda bwino, koma masiku ena kernel imandikaniza ndi EAGAIN pamene palibe aliyense amene akulemba kanthu. Kodi imadziwa bwanji amene akulemba? Ndingaifunse kuti inditchulire wolembayo? Nanga sizingachitike kuti wina atsegule fayilo pa nthawi yomweyo imene ine ndikulandira lease, tonse awiri n'kudutsa?"

Bambo, zikomo chifukwa cha funso lanu, ndipo ndiyambire pa mfundo imene yankho lonse lagona: kernel ya Linux, imene ndi mtima wa dongosolo loyendetsa kompyuta, siidziwa mayina a olemba, imangodziwa kuchuluka kwawo, ndipo chimene imawerenga si anthu amene akulemba panthawiyo koma zitseko zimene zatsegulidwa ndi ufulu wolemba ndipo sizinatsekedwebe. Mukagwira mfundo imeneyi, EAGAIN wanu, yankho lokana limene limatanthauza kuti muyesenso, asiya kuoneka ngati chinthu chosamvetsetseka.

Lease ya kuwerenga ndi lonjezo. Kernel ikakupatsani, imakhala ikunena kuti palibe amene angatsegule fayiloyo kuti alembemo kapena kuifupikitsa ndi truncate inu musanauzidwe. Wina akayesa kutero, kernel imamuimika kaye, imakutumizirani signal (uthenga wochenjeza pulogalamu) ya SIGIO kapena ina imene mwasankha ndi F_SETSIG, kenaka imadikira kuti mubweze lease ndi F_UNLCK. Mukapanda kubweza, imadikira masekondi amene alembedwa mu /proc/sys/fs/lease-break-time, amene ndi 45 ngati simunawasinthe, ndipo akatha imakulandani leaseyo n'kulola winayo kupitirira. Ganizo la lease pa nkhani ya kusunga makope a mafayilo linafotokozedwa ndi Cary Gray ndi David Cheriton a ku yunivesite ya Stanford mu 1989, ndipo mu Linux linalowa ndi kernel ya 2.4, pa ntchito imene Matthew Wilcox ndi Stephen Rothwell anagwira mu 2000, makamaka pofuna kuthandiza Samba, pulogalamu yogawana mafayilo ndi makompyuta a Windows, kugwirizanitsa ma oplock ake (malonjezo ofanana ndi lease) ndi mapulogalamu ena a pa seva. Lonjezo lotere n'lopanda tanthauzo ngati wolemba ali kale m'kati. Munthu amene anatsegula fayilo dzulo sadutsanso pa open (lamulo lotsegulira) lero, amangoitana write (lamulo lolembera), ndipo write siyang'ana ma lease. N'chifukwa chake kernel iyenera kutsimikiza pa nthawi yopereka lease kuti palibe chitseko cholembera chimene chili chotsegula.

Kutsimikizako kumachitika ndi nambala imodzi. Fayilo iliyonse imene kernel ikuigwiritsa ntchito ili ndi inode yake, pamene pamasungidwa zambiri za fayiloyo, m'memori, ndipo m'kati mwa inode muli chiwerengero chotchedwa i_writecount. Pulogalamu ikatsegula fayilo ndi O_WRONLY (kulemba kokha) kapena O_RDWR (kuwerenga ndi kulemba), kernel imaitana get_write_access n'kuwonjezera 1 pa chiwerengerocho, ndipo kutsegulako kukatheratu imaitana put_write_access n'kuchotsa 1. Mukapempha lease ya kuwerenga, check_conflicting_open ya mu fs/locks.c imangofunsa ngati chiwerengerocho chaposa 0, ndipo ngati chaposa yankho ndi EAGAIN. Zili ngati mlonda wa pageti amene alibe kaundula wa alendo koma amaponya mwala m'chitini munthu akalowa n'kuuchotsa akatuluka: madzulo angakuuzeni mosakayika kuti m'kati mwatsala anthu awiri, koma sangakuuzeni kuti ndi ndani.

Tsopano tione zimene zimasiya mwala m'chitini pamene inu mukuona ngati palibe amene akulemba.

Choyamba muyang'ane pulogalamu yanu yomwe. Ngati munatsegula fayilo ya mitengo ndi O_RDWR, mwina poganiza kuti tsiku lina mudzafuna kulembamo, ndiye kuti wolembayo ndi inu, ndipo kernel sikukupatulani. Lease ya kuwerenga imaikidwa pa fayilo yotsegulidwa ndi O_RDONLY (kuwerenga kokha) basi. Popeza mwanena kuti masiku ena zimayenda, sindikuganiza kuti vuto lanu lili apa, komabe onetsetsani kuti palibe gawo lina la pulogalamuyo limene limatsegulanso fayilo yomweyo kumbali.

Chachiwiri, ndipo ichi ndi chimene ndikuchikayikira kwambiri, ndi fayilo yotsegulidwa n'kusiyidwa. Ngati fayilo ya mitengo ili m'foda imene mumagawana ndi makompyuta a Windows kudzera mu Samba, wogwira ntchito mu ofesi ya maakaunti akaitsegula m'mawa n'kupita kukadya nkhomaliro osaitseka, smbd, pulogalamu ya Samba ya pa seva yanu, imakhala itaigwirabe m'malo mwake. Iye sanalembe ngakhale chilembo chimodzi, koma chitseko n'chotsegula, ndipo kernel ilibe njira yodziwira ngati abwera kudzalemba pakatha mphindi imodzi kapena sabwera konse. Kuipa kwake kuno kwathu n'kwakuti magetsi akazima mwadzidzidzi, kompyuta ya mu ofesi imazima isanatsanzike pamene seva ikupitirira pa UPS, ndipo seva imagwirabe fayiloyo mpaka itazindikira kuti mnzake uja anachoka kalekale. Ndikuganiza kuti mukayerekeza masiku amene EAGAIN amabwera ndi masiku amene magetsi anavuta mupeza kuti akufanana kangapo.

Palinso njira zobisika kuposa izi, ndipo zimachokera pa mfundo yakuti chiwerengero chimatsata kutsegula, osati nambala ya file descriptor, imene pulogalamu imapatsidwa ikatsegula fayilo. Mukatsegula kamodzi n'kukopera nambalayo ndi dup katatu, chiwerengero chimakhalabe 1. Mukachita fork, kutanthauza kuti pulogalamu yabala kope lake, mwana amatenga kutsegula komweko, ndipo ngakhale kholo litatseka, chiwerengero sichitsika mpaka mwana nayenso atatseka kapena kutha. Mapulogalamu ambiri amene amaitana ena osaika O_CLOEXEC (chizindikiro choti fayilo itsekedwe pulogalamu inayo ikamayamba) amasiya mafayilo m'manja mwa ana amene sadziwa n'komwe kuti awanyamula. Chimodzimodzinso mmap: pulogalamu ikatsegula fayilo ndi ufulu wolemba, n'kuiika m'memori ndi mmap, kenaka n'kuchita close, memoriyo imagwirabe kutsegulako mpaka munmap itachitika. Apa kernel ikuchita zoyenera ndithu, pakuti kulemba kudzera mu MAP_SHARED (mmap imene zolembedwa m'memori zimakafika m'fayilo) sikudutsa pa system call iliyonse, kutanthauza pempho lopita ku kernel, ndipo pakanapanda chiwerengerochi sipakanakhala malo ena ogwirira wolemba wotere.

Kukana kwina kumakhala kwa kanthawi kochepa. truncate imakweza chiwerengero pamene ikugwira ntchito n'kuchitsitsa ikamaliza. Komanso ngati pulogalamu ina ili ndi lease pa fayiloyo ndipo yauzidwa kale kuti ibweze, kernel sipereka lease yatsopano mpaka nkhaniyo itatha. Ndipo ngati fayiloyo sili pa disiki ya seva yanu koma mwaifikira pa netiweki kudzera mu NFSv4 kapena SMB (njira zogawanira mafayilo pakati pa makompyuta), kernel yanu singalonjeze chimene iyo sinalonjezedwe, motero imakana ndi EAGAIN yemweyo pokhapokha itakhala ndi delegation (lonjezo lofanana ndi lease la mu NFSv4) kapena oplock yochokera ku seva inayo.

Ndiwonjezere kanthu kamodzi kamene kamasokoneza anthu powerenga kodi ya kernel: i_writecount imathanso kutsika pansi pa 0. Fayilo ikakhala pulogalamu imene ikuyenda, kernel imaitana deny_write_access n'kuchotsa 1, ndipo aliyense wofuna kuitsegula kuti alembemo amalandira ETXTBSY. Nambala imodzi ikusenza ntchito ziwiri, pamwamba pa 0 ikuwerenga olemba, pansi pa 0 ikuwerenga oletsa kulemba, ndipo mbali ziwirizi sizingakhalepo nthawi imodzi. Kwa lease ya kuwerenga nambala ya pansi pa 0 si vuto konse.

Funso lanu lachiwiri ndi lakuti kernel ingakutchulireni wolembayo. Kudzera mu fcntl singatero, ndipo ndikuona kuti amene anasankha zimenezi anaganiza bwino. Kusunga mndandanda wa otsegula onse pa inode iliyonse kukanafuna loko (choletsa awiri kusintha mndandandawo nthawi imodzi) pa open ndi close iliyonse, pa makina amene amatsegula mafayilo ambirimbiri pa sekondi, pofuna kuthandiza mafayilo ochepa kwambiri amene amapemphedwa lease. Kuwonjezera 1 pa nambala ya atomic (imene imasinthidwa mu sitepe imodzi popanda loko) n'kotchipa, ndipo funso limene lease imafunsa limayankhidwa ndi inde kapena ayi. Dzina mulipeza kuchokera mbali inayo, poyendera mapulogalamu onse m'malo mofunsa fayilo. Ndi zimene mapulogalamu a lsof ndi fuser amachita poyang'ana mu /proc. Mukayendetsa lsof pa fayiloyo muli root (woyang'anira seva), yang'anani chilembo chimene chili pambuyo pa nambala ya FD (file descriptor): w akutanthauza kulemba, u akutanthauza kuwerenga ndi kulemba, ndipo mizere imene yalembedwa mem ndi ya mmap ija. Mukapeza kuti ndi smbd, smbstatus idzakuuzani wogwiritsa ntchito ndi kompyuta imene yagwira fayiloyo. Ma lease amene alipo kale amaoneka mu /proc/locks, ndipo kumeneko mungaonenso ngati ina ili m'kati mothyoledwa.

Tifike pa funso lachitatu, limene landisangalatsa kwambiri, pakuti mwafunsa chinthu chimene chinalidi cholakwika mu kernel kwa zaka zambiri.

Pali anthu awiri amene akuthamangira khomo limodzi. Wotsegula ali ndi ntchito ziwiri, kukweza i_writecount ndi kuyang'ana ngati pali lease yoti athyole. Wopempha lease nayenso ali ndi ziwiri, kuyang'ana i_writecount ndi kuika lease yake pa mndandanda wa inode. Kale open inkayamba ndi kuyang'ana ma lease, n'kukweza chiwerengero pambuyo pake. Taganizani mmene zingayendere pa makina a mapurosesa awiri: wotsegula wayang'ana, sanapeze lease, ndipo asanakweze chiwerengero wopempha lease wafika, wapeza chiwerengero chili 0, walandira lease yake. Kenaka wotsegula uja wakweza chiwerengero n'kuyamba kulemba. Aliyense anayang'ana ndipo aliyense anaona zoona pa nthawi imene anayang'anayo, koma mapeto ake ndi wolemba ndi lease ya kuwerenga pa fayilo imodzi, ndipo pulogalamu ngati yanu ikanapitirira kuuza makasitomala mtengo wakale wa feteleza popanda signal iliyonse. J. Bruce Fields, amene ankayang'anira seva ya NFS ya mu kernel, anakonza zimenezi mu 2011 posuntha break_lease, gawo la kodi limene limayang'ana ndi kuthyola ma lease, kuti izibwera get_write_access itachitika kale.

Mpata wina unatsala mbali ya wopempha lease, ndipo Jeff Layton anautseka pambuyo pake, Al Viro atauona. break_lease imayamba ndi kusuzumira mndandanda wa ma lease popanda kutenga loko, chifukwa mafayilo ochuluka alibe lease ndipo sikoyenera kuti open iliyonse ilipire mtengo wa loko. Choncho wopempha lease ankatha kuyang'ana chiwerengero n'kupeza 0, wotsegula n'kukweza chiwerengero n'kusuzumira mndandanda umene udakali wopanda kanthu, ndipo lease n'kulowa pambuyo. Mankhwala ake ndi amene muwapeze lero mu generic_add_lease, gawo limene limapereka lease: lease imaikidwa kaye pa mndandanda, kenaka chiwerengero chimayang'anidwanso kachiwiri, ndipo chikapezeka chakwera leaseyo imachotsedwa n'kubweza EAGAIN.

Lamulo la mbali zonse ziwiri tsopano ndi limodzi, ndipo ndi lija timaphunzira tili ana pofika pakhomo pa eni: umayamba waodira, kenaka n'kumvetsera. Wosuzumira kaye n'kuodira atalowa kale ndi amene amagundana ndi mwini nyumba pakhomo. Wotsegula amadzionetsa pokweza chiwerengero asanayang'ane mndandanda, wopempha lease amadzionetsa polowa pa mndandanda asanayang'ane chiwerengero, ndipo mukayesa kusanja masitepe anayiwa mwa njira iliyonse mupeza kuti mmodzi mwa awiriwa ayenera kuona mnzake. Kuti wotsegula asaone lease, ayenera kukhala atayang'ana lease isanaikidwe, kutanthauza kuti chiwerengero chake chinali chitakwera kale, ndipo wopempha lease poyang'ana kachiwiri achipeza. N'kutheka kuti onse awiri aonane, lease n'kukanidwa pamene wotsegula nayenso waima kanthawi, koma kumeneko n'kutaya kanthawi chabe, deta ili bwinobwino.

Pali chinthu chimodzi chimene chingagwetse kuganiza konseku, ndipo ndi purosesa yeniyeniyo. Mapurosesa amakono, ngakhale a x86 amene ali m'seva yanu, amaloledwa kuchedwetsa kulemba m'memori n'kuyamba achita kuwerenga kumene kuli patsogolo pake mu kodi. Kunena kwina, odi wanu akhoza kuchedwa pakhosi pamene makutu ayamba kale kumvetsera. N'chifukwa chake pakati pa kudzionetsa ndi kuyang'ana, mbali zonse ziwiri, pali smp_mb, chotchinga chimene chimakakamiza kuti choyamba chioneke kwa mapurosesa onse chachiwiri chisanachitike. Mukadzawerenga break_lease ndi generic_add_lease mudzapeza ndemanga pamwamba pa chotchingacho zofotokoza zomwezi, ndipo ndikukulimbikitsani kuti muziwerenge, pakuti ndi mizere yochepa imene imaphunzitsa zambiri kuposa maphunziro aatali a za mapulogalamu oyenda pamodzi.

Kusadziwa mayina kuli ndi mtengo wake, ndipo amene anaulipira kwambiri ndi seva ya NFS. Mu NFSv4 seva imapatsa kompyuta ya kasitomala delegation, imene m'kati mwa Linux imamangidwa pa ma lease omwewa. Kompyuta imodzi ikatsegula fayilo kuti ilembe, n'kuitsegulanso kuti iwerenge, palibe choopsa kuipatsa delegation ya kuwerenga, pakuti wolemba yekhayo ndi iyo yomwe ndipo ikudziwa zimene yalemba. Koma i_writecount imangonena kuti pali wolemba. Kuti zitheke, nfsd, seva ya NFS ya mu kernel, inafunika kusunga yokha chidziwitso cha otsegula ake, kuchotsera kutsegula kwake pa chiwerengero cha inode, n'kuona ngati patsala wina wa pa seva pomwepo kapena kasitomala wina. Kuyesa koyamba kunabwezedwa kutapezeka zolakwika, ndipo ntchitoyo inachita kulembedwanso. Lease ya kulemba nayo inavutikapo mwa njira yake: kale inkayang'ana kuchuluka kwa ogwira dentry (choimira dzina la fayilo m'memori) ndi inode, zimene zinkakaniza anthu popanda chifukwa chenicheni, mpaka Amir Goldstein anaisintha mu 2019 kuti izigwiritsa ntchito i_readcount, chiwerengero cha otsegula kuti awerenge kokha, pamodzi ndi i_writecount.

Pa pulogalamu yanu ndikulangizani motere. EAGAIN mumulandire ngati yankho loona, lakuti panopa kope la m'memori silingadaliridwe. Pulogalamu iziwerenga kuchokera ku fayilo nthawi imeneyo n'kumayesanso lease pakapita masekondi angapo, osati kuzungulira mosapuma. Dongosolo la zochita likhale lofanana ndi la kernel lija: tsegulani ndi O_RDONLY, landirani lease, ndipo muwerenge fayilo lease ili kale m'manja. Mukawerenga kaye n'kupempha lease pambuyo, mwadzitseguliranso mpata umene Fields ndi Layton anavutika kutseka, pakuti wina akhoza kutsegula, kulemba ndi kutseka pakati pa masitepe anu awiriwo. Signal ikafika, tayani kope n'kubweza lease mwamsanga, chifukwa sekondi iliyonse imene mwachedwa pali munthu mu ofesi amene kompyuta yake yangoima, ndipo masekondi 45 ndi ambiri kwa munthu amene kasitomala wamuimirira pakauntala. Wotsegula ndi O_NONBLOCK saima, amalandira EWOULDBLOCK nthawi yomweyo, koma signal imakufikanibe ndipo muyenera kubweza chimodzimodzi. Kumbukiraninso kuti lease imaperekedwa kwa mwini fayilo kapena kwa pulogalamu imene ili ndi chilolezo cha CAP_LEASE, ngakhale kuti kukanidwa pa chifukwa chimenechi kumabwera ndi EACCES, osati EAGAIN.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri pa zimene mwafotokoza si EAGAIN konse, koma masiku amene lease mwailandira. Lease ya F_SETLEASE imateteza inode, osati dzina la fayilo, ndipo imathyoledwa ndi open ndi truncate basi. Mapulogalamu ambiri sasintha fayilo polembamo mwachindunji: sed -i, rsync ndi Excel zimalemba fayilo yatsopano pambali n'kuipatsa dzina la yakaleyo ndi rename. Zikatero inode yanu sinakhudzidwe, i_writecount yake sinakwere, signal sibwera, ndipo inu mumakhala mukulondera mokhulupirika fayilo imene ilibenso dzina pamene mitengo yatsopano ili mu inode ina. Delegation ya NFS imabwezedwa pa rename ndi unlink (kufufuta dzina la fayilo), koma lease ya pulogalamu wamba ngati yanu sibwezedwa. Choncho onjezani inotify, njira ya kernel yodziwitsira pulogalamu zosintha, pa foda imene muli fayiloyo, muziyang'anira IN_MOVED_TO, IN_CREATE ndi IN_DELETE pa dzinalo, ndipo chilichonse mwa izi chikachitika mutaye kope, mutseke, mutsegulenso dzinalo n'kupempha lease pa inode yatsopanoyo. Musanasinthe kodi, yesani izi pa seva yanu: lembani nambala ya inode imene ls -i ikuonetsa pa fayilo ya mitengo, mupemphe a ku maakaunti asinthe mtengo umodzi monga amachitira masiku onse, kenaka muyang'anenso nambalayo. Ikapezeka yasintha, yambani ndi inotify, za EAGAIN zibwere pambuyo.